Bokosi Lachitsanzo la Overstone

Overstone Kachingwe akamakupatsa moni sayambira kumaso. Maso ake amagwera paphewa lako lamanzere, n'kuwolokera kulamanja, kenako n'kutsetsereka mpaka kunsapato. Pomwe azidzafika kumaso kwako n'kuti moni atatha kale. Kwa zaka zambiri Amalawi a mu Dublin ankati ndi manyazi, ena ankati ndi ulemu wakumudzi umene mvula ya kuno inalephera kuusukulutsa. Lero palibenso amene amanena zimenezo. Akamuona akukwera Luas, sitima ya mumzinda, anthu omwe ankadya naye mbale imodzi amayamba kufufuza chinachake m'foni, ndipo azimayi amakoka majekete n'kudzikuta mpaka m'khosi.

Anabadwira ku Linthipe, m'boma la Dedza, m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Bambo ake ankakhoma zitseko, mipando ya ndalema ndi mabenchi a m'tchalitchi. Mabokosi a maliro ankakhomanso, koma pamenepo panali lamulo: munthu ayambe wamwalira kaye. Uthenga ukamveka, adzukulu ankabwera ndi bango limene ayezera mtembo, mmisiri n'kudula matabwa motsata bangolo, n'kukhoma pompo, kulira kuli mkati. Kusunga bokosi lokhomeratu kunali kuitana maliro, ndipo ngakhale mwana ankadziwa zimenezo. Overstone anazidziwira pakhutu. Tsiku lina kukutentha anakagona pathabwa limene bambo ake anali atangolipala kumene, poti linali losalala ndi lozizira bwino. Khofi limene analandira linamugwetsera mu utuchi.

"Usadzayambirenso," anatero bambo akewo. "Amene amagona pathabwa langa sadzukanso."

Chimene chinamuthawitsa ku Malawi satchula, ndipo anthu anzeru samufunsa. Anafika ku Ireland ngati wopempha malo othawirako, n'kuikidwa ku hositelo kumene masiku amenewo munthu ankangodya, kugona ndi kudikira, osaloledwa kugwira ntchito ina iliyonse. Kwa munthu wozolowera hamala, kukhala manja ali lende chonchi kunali matenda. Anasiya kumeta, anasiya kulankhula, ankangoyang'ana khoma. Akanapenga ndithu pakanapanda amene ankagona pabedi lapansi.

Ameneyo anali Augustine Mbendera wa ku Balaka, wamfupi, wamapewa otambalala moti shati yomukwana m'mapewa inkamufika m'mawondo. Pakamwa pake sipankauma nthabwala. Ankaseka chakudya cha pahositelo, ankaseka nyengo, ankaseka ngakhale aboma akamukana. Akaona mnzake wayamba kucheza ndi khoma, ankamukoka mwendo kumutsitsa pabedi, n'kumuyendetsa wapansi mumvula mpaka Overstone atayamba kutukwana. "Eya, watukwana, ndiye kuti uli moyo," ankatero. Overstone anamukonda munthuyu kuposa abale ake a bere limodzi, ndipo sankabisa.

Mapepala atatuluka, Augustine anapeza ntchito yoyendetsa vani n'kukwatira Vivian. Overstone anakwatira Clementina, wosamalira okalamba, anapeza nyumba ku Crumlin, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi, Mwaiwawo. Ntchito anaipeza pa fakitale ya mkulu wina dzina lake Ryan, kufupi ndi Tallaght. Ukamufunsa za ntchitoyo ankati, "Ndi za mafenicha," n'kusintha nkhani. Bodza lenileni silinali, poti zinalidi zamatabwa. Kungoti fenicha yake inali ija munthu amagwiritsa ntchito kamodzi kokha. Tsiku loyamba atalowa mosungira katundu n'kuona mabokosi a maliro atasanjikizidwa mpaka kudenga, eni ake akadali kuyenda mumzinda, kugula buledi ndi kukangana ndi akazi awo, anakumbuka khofi lija la bambo ake. Azungu anzake a pantchito ankadya masangweji atakhalira zivindikiro. Iye sabata yonse chakudya chinamukana. Koma lendi inkadikira, ndiye anazolowera. Anadzakhala katswiri, makamaka pa mabokosi aja oika lata mkati, amene ndege imalola kunyamula. M'menemo ndi m'mene maso ake anaphunzirira kuyenda paphewa la munthu.

Chinsinsichi ankachidziwa awiri okha, Clementina ndi Augustine. Kwa ena onse Overstone anali bambo wa besi m'kwaya, komanso munthu wozonda odwala. Pa izi panalibe womuposa. Mmalawi akangogonekedwa ku chipatala cha Tallaght kaya kwina kulikonse, Lamulungu masana Overstone ankatulukira ndi nthochi m'pepala, n'kukhala pampando wa pambali pa bedi mpaka manesi atamutulutsa. Sankalalikira, sankafunsa zambiri. Ankangokhala, ndipo odwala ankati akabwera iye tulo timabweranso.

Fakitale ija sinafe tsiku limodzi. Anayamba ndi kudula ovataimu, kenako anati Lachisanu anthu asamabwere, kenako makina ena anafunditsidwa pulasitiki. Chinaipha ndi makontena. Mabokosi anayamba kubwera kuchokera kunja ali ophwatalala ngati makatoni, munthu kungomanga ndi kasikuludiraiva tiyi asanazizire, ndipo mtengo wake sunkafika ngakhale pa wa matabwa okha amene a Ryan ankagula. Tsiku lomaliza mkuluyo anabweretsa limodzi n'kuliika pakati pa antchito ake. Analigogoda ndi chala, ndipo linalira ngati chigubu chopanda madzi. Sananene zambiri. Anangopukuta magalasi nthawi yaitali, n'kugwira aliyense chanza.

Boma la kuno silitaya munthu wotere, tinene zoona. Panabwera kandalama ka sabata ndi sabata, panabwera misonkhano, panabwera maphunziro oti munthu asankhe yekha: makompyuta, kusamalira okalamba, kapena kuyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu kaja. Overstone anapatsidwa mlangizi, mayi wina dzina lake Louisa, wamtima wabwino zedi. Mtima wabwinowo ndi umene unavuta, chifukwa mlangizi waulesi akanangomulembetsa za folokolifiti, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Louisa anafuna kumudziwa munthuyo. Anamufunsa chimene amatha chimene ena satha, ndipo Overstone, poti anali asanafunsidwepo funso lotere chibadwire, anamasuka. Anafotokoza za mabokosi a lata, za Amalawi, Azambiya ndi Azimbabwe amene akamwalira safuna kuikidwa m'dothi lonyowa la kuno, za momwe amasonkherana kuti mtembo upite kwawo. Louisa anaomba m'manja. Anati boma lili ndi thandizo la anthu ofuna kuyamba bizinesi yawoyawo, lingamugulire zida ndi kumulipirira kamalo kogwirira ntchito. Iye angokhoma bokosi limodzi lachitsanzo, loti aliyense wobwera aziona ntchito ya manja ake.

Clementina atamva anasiya kusita yunifolomu.

"Ndiye mukuti tizidya za maliro a anzathu?"

"Nanga zaka zonsezi timadya za chiyani?"

"Za azungu. Azunguwo sitiwadziwa mayina, sitipemphera nawo. Bambo a Mwai, tangopitani ku forklift."

Overstone sanamve. Anali atatopa ndi kubisala, ndipo kunena zoona, kuombedwa m'manja kuja kunamukomera.

Loweruka lina mu Sepitembala Augustine anabwera ndi vani kudzasamutsa zida kupita ku kamalo kaja, kachipinda ka chitseko chachitsulo kuseri kwa magaraja a ku Tallaght. Atamaliza kutsitsa anakhala pamatabwa n'kumamwa tiyi wa m'fulasiki. Overstone anali ndi nkhawa. Matabwa amene anagula anali a mtengo wa oki, olimba komanso odula, ndipo sankadziwa kuti lachitsanzolo alipange lalitali bwanji.

"Vuto lako ndi lomwelo?" anatero Augustine. "Yeza ine, aise. Ndine wamfupi, usevako timber."

"Iwe, zimenezo sitiseweretsa."

"Kuno ndi ku Europe, ambwana. Afiti alibe visa."

Asanayankhidwe anali atagona kale chagada pathabwa lalikulu, manja atapingasa pachifuwa, nkhope atailimbitsa, diso limodzi lili tsinzinitsinzini kuona ngati mnzake akuseka. Overstone anaseka mpaka misozi. Anali asanasekepo chonchi chitsekedwere fakitale. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuyamba kulemba mozungulira. Pensulo ikudutsa paphewa, khutu lomwe lija la khofi linamulira, koma dzanja silinaime. Anazungulira mpaka kumapazi, n'kubwerera mbali inayo.

"Usiye malo a mimba," anatero Augustine akudzuka n'kumadzisansa utuchi. "Ndikufuna ndinenepe kaye."

Bokosilo linatuluka lokongola, zimenezo ngakhale omuda amavomera. Lalifupi, lotambalala kumapewa, vanishi wake woti n'kudziyang'anirapo. Augustine anapatuka tsiku lina ali pa ntchito kudzaliona. Analizungulira akuimba mluzu, anafunsa ngati angayesemo, Overstone n'kumuopseza ndi hamala. Anaseka monga mwa masiku onse, koma tiyi wake sanamalize, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo pokwera vani anapumira kaye pachitseko. Overstone anaona, n'kudziuza kuti ndi kutopa chabe.

Louisa atabwera kudzaona ntchito anabwera ndi wojambula, kuti nkhani ya munthu amene waimirira fakitale itagwa ikalimbikitse ena. Anamuimika pambali pa bokosilo, dzanja lili pachivindikiro. Wojambulayo anamuuza kuti amwetulire. Anamwetulira. Anati awonjezere pang'ono. Anawonjezera mpaka mano onse anaonekera.

Kwa Louisa chinali chithunzi cha munthu wonyadira ntchito yake, basi. Anthu a kuno maliro sawaopa ngati ife. Amatha kudya, kumwa ndi kuimba mtembo uli pabalaza. Koma chithunzicho chitaikidwa pa intaneti sichinachedwe kufika pa gulu la WhatsApp la Amalawi, ndipo kumeneko anaona china: Overstone Kachingwe, wa mafenicha uja, akusekerera atagwira bokosi la maliro lopanda mwini. Ndiye ngati kuti wina anachita kupangana, sabata yomweyo pagulu pomwepo panabwera uthenga wa Vivian wopempha mapemphero. Augustine anali atagonekedwa ku Tallaght, maso ali achikasu, mimba itatupa. Madokotala anati n'chiwindi, ndipo anati chinayamba kalekale mwakachetechete.

Anthu ophunzira, ena a madigiri awiriawiri, ena ogwira ntchito m'zipatala momwemo, onse anayamba kukumbukira mwadzidzidzi. Anakumbukira mayi uja wa ku Rathmines amene Overstone anakamuzonda n'kumwalira mkati mwa sabata. Anakumbukira mkulu uja wa shuga. Amene anawazonda n'kuchira, omwe anali ochuluka kwambiri, palibe anawatchula. Anakumbukiranso maso aja. Zimapsetsa mtima, chifukwa ambiri mwa olankhulawo anadyapo nthochi zake ali pabedi. Palibe amene anatulutsa mawu akuti ufiti, poti kuno aliyense ndi wotsogola. Ankangoti, "Komatu zinazi," n'kusiyira pomwepo.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, a Tarsizio, mkulu wa mpingo, anamukokera pambali.

"Achimwene, za ma visit a ku hospital zija, tapumulani kaye. Mwagwira ntchito yaikulu."

"Sindinatope, abambo."

"Tikudziwa. Koma odwala amaganiza zambiri. Mwandimva?"

Anamva. Foni ya Augustine inali yozimitsa, ndiye anaimbira Vivian.

"Alamu, musabwere kaye," anatero Vivian, osabweza n'komwe moni. "Akufunika rest. Ndidzakuuzani."

Clementina naye zinamufika. Azimayi amene ankamuitana kukaphika pa chinkhoswe chilichonse anayamba kuiwala nambala yake. Sanadandaule, sananene kuti ndinakuuzani. Anaima ndi mwamuna wake, mpaka anakangana ndi mayi wina pakhomo pa tchalitchi, kumuuza kuti ntchito ndi ntchito, ndipo tsiku lake likadzafika nayenso adzafuna bokosi lokhomedwa bwino. Mu Dublin monse Overstone anatsala ndi munthu mmodzi yekhayu womuikira kumbuyo.

Komatu onsewa ankamuopa chifukwa cha chithunzi chabe. Chenicheni sankachidziwa, ngakhale Clementina amene. Sankadziwa kuti pansi pa lata ndi nsalu yoyera za m'bokosi lija pali mzere wa pensulo, ndiponso kuti mzerewo ndi wa ndani. Ankadziwa awiri okha, ndipo mmodzi wa iwo anali munthu amene sanasungepo nthabwala yabwino m'mimba. Overstone ankafuna chinthu chimodzi: kukhala pampando wa pambali pa bedi la mnzake, monga mnzakeyo anakhalira naye ku hositelo. Ndipo ankaopa kuti tsiku limene za mzere uja zidzamveke, sipadzakhalanso Mmalawi womulola kumuyandikira, wodwala kaya wabwinobwino.

Anayesa kulichotsa. Anaimbira makampani osamalira maliro amene ankawadziwa kuyambira kwa a Ryan. Wina anabwera, anayamikira ntchito, anatambasula tepi, n'kupukusa mutu: lalifupi kwambiri, lotambalala kwambiri, munthu wotere sapezekapezeka. Tsiku lina Overstone anatenga sowo kuti angolidula zidutswazidutswa. Anaika mano a sowo cha pamapewa, ndipo mkono unangouma. Zinali ngati akufuna kucheka munthu. Mumtima munabweranso funso loipa: atalidula lero, mawa foni n'kulira, adzadziuza kuti chapha n'chiyani, kulisunga kapena kulidula? Anabweza sowo pamsomali n'kufunditsa bokosilo bulangete, ndipo litafunda linaoneka moopsa kuposa kale.

Iye mwini sankakhulupirira kuti pensulo ingadwalitse chiwindi. Ankadziuza zimenezo m'mawa uliwonse potsegula chitseko chachitsulo chija. Koma mawu aja oti asiye malo a mimba ankamubwerera, chifukwa anali atasiyadi malowo, mongoseka. Kukazizira matabwa a oki ankalira pang'ono pansi pa bulangete, monga achitira matabwa onse atsopano, ndipo iye, mmisiri wodziwa bwinobwino chifukwa chake, ankatuluka kukaima panja pamphepo.

Louisa ankaimba pafupipafupi, mwansangala monga mwa nthawi zonse. Ankafunsa ngati kasitomala woyamba wapezeka. Ankamulangiza kuti asamakhale mobisala, azipita komwe anthu akwawo amasonkhana, azicheza nawo, adziwe amene angafune thandizo lake posachedwapa. Overstone ankangoyankha kuti yes, yes, thank you.

Lamulungu lililonse ankagulabe nthochi. Ankakwera Luas, kutsika pa chipatala, n'kukhala pabenchi ya pasiteshoni kuyang'ana mawindo, osadziwa kuti la mnzake ndi liti. Ankaona anthu a kwaya akulowa, ankawaona akutuluka. Ena ankamuona n'kukodolana, ndipo mawa lake zinkamveka kuti wayamba kudikirira pageti. Nthochizo ankabwerera nazo kunyumba, zinkadera pawindo la kukhitchini mpaka Clementina atazitaya.

Masamba atatha m'mitengo, masana ena foni inalira. Anali Vivian.

"Akukufunani. Akana kudya mpaka mubwere. Ine ndatopa nazo, bwerani."

Anapita ndi Clementina. Augustine anali atasamutsidwira m'kachipinda kayekha, ndipo Overstone, wozonda odwala wa zaka zambiri, ankadziwa tanthauzo la kachipinda kotere. Munali Vivian, a Tarsizio ndi azimayi ena a kwaya atatsamira khoma. Nyimbo inaduka iye atangolowa. Anadziuza kuti ayang'ane kumaso, kumaso kokha, koma maso sanamumvere. Mnofu wonse unali utapita. Mapewa okha ndi amene anatsala momwe analili, ndipo mimba inali itakweza bulangete.

"Wafika wa mafenicha," anatero Augustine, mawu ali apansipansi. "Mpatseni mpando. Nthochi zanga zili kuti?"

Vivian anakankha mpando ndi phazi. Overstone anakhala, n'kugwira dzanja la mnzakeyo, lotentha komanso lopepuka. Misozi inangotsika yokha. Kwa kanthawi zonse zinali bwino. Augustine anamuseka kuti wakalamba, anafunsa za Mwai, anakumbutsa za supu wa kuhositelo, mpaka mmodzi wa azimayi aja anaseka mosafuna. Overstone anayamba kukhulupirira kuti mwina mankhwala amuiwalitsa za tsiku lija. Kenako anaona diso limodzi likutsinzina pang'ono, monga linachitira tsiku lija pathabwa.

"Ndamva zimene akukunena anthuwa," anatero Augustine. "Zopusa zokhazokha. Ndiye ndati ndikonze ndili moyo. Vivian, tamvera. Usadzalole committee ya maliro igule za mu container zija. Langa lilipo kale, la oak, first class. Anandiyeza ndi pencil munthuyu, ine nditagona pa timber. Ndinachita kumukakamiza." Anapuma, n'kufinya dzanja la Overstone. "Lilipo, eti? Sunagulitse?"

Ankaganiza kuti akumuthandiza. N'chimene chimapweteka kwambiri pa nkhani yonseyi. M'mutu mwa Augustine, iyi inali mphatso yomaliza kwa mnzake, kumuyeretsa pamaso pa anthu ndi kumupatsa ntchito nthawi imodzi. Overstone akanatha kunena kuti wodwala akubwebweta, ndipo aliyense m'chipindamo akanalandira bodzalo ndi manja awiri. Koma diso lija linali kudikira, ndipo iye anali asanamunamizepo Augustine.

"Lilipo," anatero.

"Eya. Ukawauze aboma aja kuti customer wapezeka."

Palibe anaseka. Vivian anaimirira pang'onopang'ono.

"Munawayeza liti, alamu?"

"Mu September."

"Asanayambe kudwala."

Silinali funso. A Tarsizio anatseka Baibulo. Azimayi aja anatola zikwama n'kutuluka cham'mbali, akusamala kuti zovala zawo zisamukhudze. Vivian sanamuthamangitse, chifukwa Augustine anali atagona tulo dzanja lili chigwirire. Anangozungulira kutsidya kwa bedi, n'kukoka bulangete mpaka litaphimba mapewa a mwamuna wake. Mpando umene Overstone anaulirira milungu yonse ija anaukhalira mpaka manesi atabwera, ndipo panalibe wina amene anaufuna.

Pobwerera, Luas inalibe anthu ambiri, koma Clementina sanakhale pambali pake monga mwa masiku onse. Anakakhala moyang'anana naye, chikwama atachifungata pamiyendo. Anadutsa masiteshoni angapo.

"Bambo a Mwai," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Ndifunse nawo. Inenso munandiyeza kale?"

Overstone anatsegula pakamwa kuti akane. Pensulo sinamuzungulirepo mkaziyu, zimenezo n'zoona. Koma miyeso inali kale m'mutu, ya m'litali ndi ya m'mapewa, yake ndi ya Mwai yomwe, ndipo inali m'menemo kwa zaka. Anatseka pakamwa. Clementina anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakoka zipi ya jekete mpaka m'khosi.